Moto Wopotokola

Chala chinatsalira mu tcheni.

Unali m'mawa, ng'ombe zisanatuluke m'makola. Woyendera mpanda anali atakweza njinga yake pa jeke kuseri kwa galaja, matayala akumbuyo ali lende. Inali njinga yamoto ya matayala anayi, yaifupi, yotambalala, yobiriwira mothimbirira. Pa famu ponse ankaitcha Chule. Analiza injini, n'kulowetsa giya, matayala n'kumazungulira m'malere. Kenako anatenga chisanza n'kugwira nacho tcheni kuti matope adzipukute okha. Aliyense pa famupo ankatsuka tcheni motero. Ndi mmene Makaniko anawaphunzitsira. Ankati burashi ndi ya anthu osowa chochita.

Tcheni chinakoka chisanza. Chisanza chinakoka dzanja. Ululu sunabwere msanga. Anangomva kuti phwa, ngati munthu waponda kamtengo kouma.

Makaniko anali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Anatuluka m'galaja osathamanga. Anazimitsa injini, anawerama, anasuzumira pa mano amene tcheni chimadutsapo. Anatokosa ndi sikuludiraiva mpaka chinagwa. Chinali chala chachikulu cha dzanja lamanja, chakuda ndi girisi, chikhadabo chili bwinobwino. Anachikulunga m'chisanza chomwe chija n'kumupatsa.

"Chipangizo chanu ichi, alamu. Mukafunse ku chipatala ngati ali ndi bawuti yake."

Amene anathamangira pamalopo anaseka. Ena anaseka chifukwa cha mantha, ena anaseka chabe. Ku chipatala bawuti kunalibe. Anasoka, anamanga bandeji, chisanzacho n'kuchiponya m'ndowa ya zinyalala. Tsiku limene anabwerera ku famu anapeza dzina latsopano likumudikira pa geti. Chiputu. Ngakhale ana a antchito anali atalidziwa kale.

Iye anali mwana wa m'tauni, munthu wosadziwa kukhala pansi. Anatsukapo magalimoto, ananyamulapo katundu pa depoti, analonderapo sitolo, anakhalapo kondakitala. Palibe malo amene anaonapo mvula ikupita n'kubweranso. Anthu akayamba kumuzolowera, iye ankamanga chikwama. Ntchito ya mpanda ndiyo inamugwira miyendo, chifukwa unali ulendo wosatha koma wokhala ndi pobwerera. M'mawa ankakwera Chule n'kutsata waya. Kudutsa m'dambo, kudutsa m'miyala, kukwera phiri kukaona thanki ya madzi, kutsikira mbali inayo. Pamene waya waduka, kulumikiza. Pamene ng'ombe yathyola mzati, kuzika wina. Madzulo kunyumba. Nyumbayo inali ya ntchito: zipinda ziwiri, malata osadontha, mpopi kuseri, zenera limene mkazi wake anasokera katani ya maluwa. Kiyi wa nyumba ndi kiyi wa Chule anali pa waya umodzi. Anamupatsa pamodzi, ndipo ankadziwa kuti akadzalanda adzalandanso pamodzi.

Tsono Chule sapatsidwa moto ngati njinga zamoto zina. Palibe chopotokola. Kunsi kwa handulo yakumanja kuli kachitsulo konga lilime la supuni. Umakakankha ndi chala chachikulu. Ukakankha, Chule adumpha. Ukasiya, akhala phee. Zala zinazo ntchito yake n'kugwira basi. M'thupi lonse la munthu Chule amamvera chala chimodzi, ndipo chimenecho n'chimene chinapita m'ndowa.

Anayesa. Bala litangouma anakwera n'kukankha ndi kachiputu. Kanaperewera, ndipo ululu unafika mpaka m'mano. Anayesa ndi chikhatho, handulo n'kumupulumuka. Anayesa ndi chamkombaphala, chinachita dzanzi asanafike n'komwe pa dambo. Anadula kapaipi n'kukalowetsa m'gulovu pamalo pa chala. Kanapindika pa bampu loyamba, gulovu n'kudzaza magazi. Oweta ng'ombe anasiya ntchito kumuonerera. Mmodzi anamukuwira kuti ayese ndi chakuphazi.

Kapitawo anamuitanira pansi pa mtengo wa pa geti. Anali munthu wa mimba, wa chipewa chosavula, woyankhula akuyang'ana kumbali. Anati Bwana, mwini famu, ali pa ulendo, abwera kumapeto kwa sabata, ndipo asadzapeze mpanda ulibe woyendera. Anati Lachisanu m'mawa akwere Chule mpaka pa thanki, atsike, iye akuona. Akatha, ntchito ndi yake. Akalephera, makiyi.

"Famu si chipatala, iwe," anatero. "Ng'ombe yothyoka mwendo ukudziwa kumene imapita."

Kapitawo anali ndi muphwa wake, mwamuna wamkulu wosowa ntchito, amene anali atafika kale pa famupo ndi chikwama. Chiputu anamuona kangapo akudutsa kuseri kwa nyumba, akuyang'ana malata, akutsegula mpopi kuti aone mphamvu ya madzi.

Mkazi wake ndiye anatchula za Makaniko. Ankachapa zovala za mwana pa mpopi, osadzutsa mutu. Anati achimwene palibe chitsulo chimene chimawakanika. Iye anati bola akakankhe ndi dzino kusiyana n'kukagwada m'galaja muja. Mkaziyo anafinya kadiresi mpaka madzi anatheratu.

"Bambo a mwana, manyazi anapha lambe. Tikachoka muno tilowera kuti? Pa depoti panu paja?"

Anapita.

Galaja inali nyumba yaitali ya malata, yotseguka mbali imodzi. Pansi panali bii ndi oilo wa zaka. M'mbali munali mitembo ya njinga: ina yopanda matayala, ina yotumbulidwa injini, ina yongotsala mafupa, nkhuku itaikiramo mazira. Zitini za mabawuti pa shelefu, wailesi yopanda chivindikiro, fungo la petulo ndi labala wopsa. Makaniko anali atakhala pa chishalo cha njinga yakufa chimene anachikhomera pa chitsa, akutsuka kabuleta m'mbale. Sanamupatse pokhala.

Awiriwa sankamwerana madzi. Chilamu chawo chinali cha nthabwala, monga chilamu chonse, koma nthabwala za Makaniko zinkasiya zipsera. Sanakhululuke kuti mchemwali wake anakwatiwa ndi munthu amene anabwera ndi chikwama chimodzi ndi nsapato zowala. Ntchito ya mpanda ndi iye anamupezera, ndipo ankamukumbutsa nthawi iliyonse pakakhala anthu.

Chiputu anapempha ali chiimire. Anati kachitsulo ka moto kasamutsidwire kumanzere, kumene chala chilipo. Makaniko anauzira m'kabuleta, anasuzumiramo ndi diso limodzi, anauziranso. Kenako anati kachitsulo kakumanja sikakhala kumanzere, kamayang'ana kolakwika. Kakumanzere n'kochita kuitanitsa kutali, Bwana atavomera, ndipo kangafike muphwa wa Kapitawo ataberekera kale mwana m'nyumba ija. Komanso kumanzere n'kumene kuli buleki. Munthu sangakankhe moto ndi kugwira buleki ndi dzanja limodzi, pokhapokha ngati akufuna kukaona makolo.

Anamusiya ataima choncho mpaka kabuleta inayera. Ndiye anapisa pansi pa benchi n'kutulutsa chogwirira chakuda, chopotokola, chochokera pa njinga yamoto ya matayala awiri imene inafa kalekale. Anachipukuta pa ntchafu. Anachipotokola, n'kuchisiya chibwerere chokha.

"Ichi sichifuna chala. Chimafuna mkono basi."

Chiputu anachiyang'ana. Anali atachionapo. Chaka chatha woyendera madamu anapempha chomwechi, ati chala chikumutopa, ndipo Makaniko anamukalipira galaja yonse ikumva. Anati amene anapanga Chule sanali opusa. Njinga ya matayala awiri umaikhotetsa ndi thupi, mahandulo umangowasisita. Chule umalimbana naye ndi manja, kukoka, kukankha. Pokwera phiri thupi limatsetserekera kumbuyo, munthu n'kudzikoka ndi mahandulo, mkono n'kupotokola moto umene sunaufune. Chule aimirira. Ukachita mantha ugwiritsitsa, ukagwiritsitsa moto uwonjezeka. Ndipo Chule sagwera patali. Amakugonera.

Chiputu anamukumbutsa mawu amenewo, onse, mmene anawanenera.

"Mutu ndiye ulipo, alamu, chapita n'chala chokha," anatero Makaniko. "Ndinanenadi. Ndiye sankhani. Ichi, kapena mupite mukayambe kulongedza mapoto."

Anafunsa ngati sangaikepo kena kotchinga, kuti moto usamatseguke wonse. Makaniko anati angathe, ndi ntchito ya bawuti imodzi. Koma Chule wotchingidwa moto sakwera phiri lija. Akaima pakati n'kuyamba kubwerera chambuyo, Kapitawo akuwomba m'manja.

Panali chinanso. Bwana ankaletsa kusintha kalikonse pa njinga zake. Ankati wosintha ngakhale nati imodzi popanda mawu ake aone msana wa njira. Choncho Makaniko anati zimenezi zikhale za awiri. Kapitawo asaone. Mchemwali wake asamve, chifukwa za pa mpopi zimafika pa geti dzuwa lisanalowe.

Anakankhira Chule mkati, kuseri kwa mitembo ija. Kunena zoona, munthuyo ntchito ankaidziwa. Manja ake ankayenda okha, maso ali kwina. Anamasula masikuluwu a kabokosi ka moto, anatsegula, anakolowola mutu wa waya, kachitsulo n'kuchoka. Kunatsala labala wa handulo. Masiku onse labala wakale ankangomung'amba ndi mpeni. Uyu ayi. Analowetsa sikuludiraiva pang'onopang'ono, anadonthezamo petulo, anazunguza mpaka labala anavuka wathunthu. Analowetsa chopotokola, anakola waya, anamanga, anayesa, anamasula pang'ono, anayesanso. Kenako anatola kabokosi ndi kachitsulo kake, masikuluwu ndi labala uja, n'kuziika m'kajumbo. Sanaziponye m'chitini cha zotsala. Anaziika m'thumba la ovolosi, la pachifuwa, n'kutseka batani.

Chiputu anaona. Anaganiza kuti akungobisira Bwana.

Kuseri kwa galaja kunali bwalo lalikulu lopanda udzu kumene mathirakitala ankatembenukira. Anakwera. Anakola zala zinayi pa chogwirira, anapinda mkono pang'ono. Chule anayankha. Anapindanso, mphepo inamumenya kumaso. Anazungulira bwalo, fumbi likumutsata, anazunguliranso. Kuyambira tsiku la tcheni anali asanapume mpweya wodzaza chifuwa. Anaupuma pamenepo. Anadzimva akuseka yekha ngati wamisala. Anadutsa pafupi ndi nyumba, mkazi wake anasiya kuyanika zovala n'kunyamula mwana m'mwamba kuti aone bambo ake.

Atabwerera anagwira dzanja la mlamu wake ndi manja onse awiri. Anathokoza. Anati chibale ndi fupa, sichiola. Makaniko anachotsa dzanja lake n'kulipukuta pa ovolosi. Anati pa chigwa ngakhale nkhuku ingayendetse. Anati pokwera agonere kutsogolo, chifuwa pa mahandulo, ndipo asakoke. Zivute zitani, asakoke.

Kunyumba anapeza mkazi wake akuimba. Anali atamasula mtolo wa zovala umene anaumanga mobisa n'kuuika kunsi kwa bedi. Anafunsa kuti achimwene achita chiyani. Iye anati angofewetsa waya. Mkaziyo anati mwaona, mukanangokhala ndi mtima wanu wa m'tauniwo. Anayamba kunena za kubzala masamba kuseri kwa mpopi, ndi za kapenti pa chitseko.

Koma dzanja lopanda chala chachikulu silifumbata. Limangokola, ngati ngowe. Ndipo ngowe imadziwa chinthu chimodzi, kukoka. Izi Chiputu anazizindikira ali yekha pa khonde, akuyesa kufumbata mpini wa tsache. Anautsamira chambuyo, mpini unagubuduka m'zala, kulowera komwe moto umatsegukira. Anayesanso. Chimodzimodzi. Kukayesa ku phiri sakanatha, njira yake inkadutsa pa khomo la Kapitawo. Sanauze munthu. Akanauza ndani, kuti atani?

Lachisanu kunacha kopanda mtambo. Kapitawo anaima pa geti la m'munsi mwa phiri, muphwa wake pambali, manja m'thumba. Oweta ena anabwera, ati akungodutsa. Chiputu anafika atavala magulovu aakulu achikopa, n'kuimika Chule mbali yakumanja itayang'ana kutchire. Dzanja sanalichotse pa handulo. Kapitawo ataona Chule akubwera bwinobwino, nkhope inagwa pang'ono. Anafunsa kuti akukankha ndi chiyani. Makaniko, amene naye anali pomwepo, ndiye anayankha, anati ndi njala. Anthu anaseka. Kenako anati iye atsatira pambuyo pa njinga ina, mwina katundu wa Bwana angafune thandizo. Kapitawo anavomera.

Njira ya ku thanki inkayamba mofatsa. Udzu, timiyala, mikwingwirima ya matayala ake omwe. Anagonera kutsogolo monga anauzidwa. Giya wotsika, moto pang'ono. Chule anakwera akung'ung'udza. Anadutsa pa mtengo wouma, anakhota, anthu a pa geti n'kubisika kuseri kwa matanthwe. Thanki inaoneka pamwamba, yoyera, pafupi moti ankaona dzimbiri la m'makwerero ake.

Pamenepo mpamene mvula inakumba njira n'kusiya mwala ngati sitepe. Ankaudziwa mwalawo. Anaudumphapo kosawerengeka, ndi kukankha kumodzi kwa chala. Matayala akutsogolo anaugunda n'kukwera. Thupi linatsetsereka pa chishalo. Zala zinayi zinakola.

Injini inakuwa.

Mutu unkati siya. Dzanja linakana. Mahandulo anabwera kumaso, thanki inasowa, kunangotsala thambo. Anaona matayala akutsogolo akupalasa mphepo pamwamba pake. Kenako msana unagunda pansi, ndipo Chule anabwera.

Atatsegula maso anali chagada, mutu kumunsi. Chule anali atamugonera chammbali, kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Mwendo wakumanzere sankaumva. Wakumanja ankaumva kwambiri, chifukwa ekizozi inali itautsamira, ndipo thalauza linali litayamba kununkha. Petulo ankadonthera pa udzu. Handulo yakumanja inali pafupi ndi nkhope yake, chopotokola chili pompo, chakuda, chosakalika n'komwe.

Anamva njinga ina ikuima. Nsapato pa miyala. Makaniko anafika, anazimitsa injini ya Chule, anagwada pambali pake. Chiputu anatsinzina, kudikira kuti kulemera kuchoke.

Kulemera sikunachoke. Anamva batani likutseguka.

Makaniko anali atayala kajumbo kaja pa mwala, sikuludiraiva ili m'manja.

"Alamu, ndichotseni. Ndikupsa."

"Pirirani pang'ono, alamu. Sindichedwa."

Sanachedwedi. Anamasula chopotokola, anakolowola waya, anachisolola. Analavulira m'labala wakale uja n'kumukankhira pa handulo ndi chikhatho. Anabwezera kabokosi, anakola waya. Anali manja omwe aja a m'galaja, odekha, odziwa njira. Chiputu anakankha Chule ndi zikhatho, chitsulo sichinasunthe. Anakuwa, mawu anatuluka aang'ono chifukwa mpweya unalibe polowera. Fungo la thalauza linasanduka fungo la nyama.

Sikuluwu imodzi inapulumuka n'kugwera m'udzu.

"Tadzutsani mutu," anatero Makaniko. "Yagwera kunsi kwa khutu lanu."

Anadzutsa mutu. Mpaka lero sadziwa chifukwa chake.

Makaniko anamanga sikuluwu yomaliza, anakankha kachitsulo ndi chala chake, kanabwerera. Anatapa dothi n'kupaka pa kabokosi kuti kasaoneke koyera. Chopotokola chinalowa m'thumba la pachifuwa, batani n'kutsekeka. Kumunsi kunkamveka Kapitawo akukwera wapansi, akupuma ngati mvukuto. Makaniko anawerama mpaka pakamwa pake panafika pa khutu la mlamu wake. Anayankhula mofatsa, ngati wouza wodwala za mankhwala. Anati ntchito ya mpanda yapita kale, palibe mawu amene angaibweze. Yatsala ndi ya galaja. Akatsegula pakamwa, nyumba ziwiri zitsekedwa tsiku limodzi, ndipo mchemwali wake ndi mwana akagona m'ngalande. Akatseka, denga limodzi litsala.

Atatero anaimirira, anagwira kumutu, n'kukuwa ndi mawu a pamaliro kuti anthu athamange, mlamu wake akufa.

Oweta aja atafika, Chule anamunyamula ali gulu. Kapitawo anafika thukuta lili kamukamu. Anayamba ndi njinga. Anaizungulira, anagwira nyali yosweka, anagwedeza handulo yopindika, anatsonya. Kenako anafunsa chimene chachitika. Makaniko anapukusa mutu. Anati iye ananena, anachita kumuchonderera, koma anthu a m'tauni samva. Munthu wopanda chala angakankhe bwanji moto pa mwala ngati uwu? Analoza kachitsulo. Onse anakayang'ana. Kanali pamalo pake, kali ndi dothi, ngati sikanachokepo.

Kapitawo anatembenukira kwa Chiputu, amene anali atamugoneka pa udzu, phazi litayang'ana kumene phazi siliyang'ana.

"N'zoona, iwe?"

Thumba la ovolosi linali lotupa, poonekera, pafupi moti akanatha kuliloza. Anayang'ana thumbalo. Anayang'ana kumunsi, kumene malata a nyumba za antchito ankanyezimira.

"Dzanja linaterereka," anatero.

Kapitawo anazula makiyi pa Chule. Sanavutike n'kumasula waya. Anapatsira muphwa wake onse awiri.

Anamutengera ku chipatala pa ngolo ya thirakitala. Mwendo wina anauika chikhakha, wina anaumanga bandeji pamene ekizozi inadinda. Anamwino anamuzindikira. Mmodzi anafunsa ngati waganiza zomabwera chiwalo chimodzichimodzi mpaka athe.

Mkazi wake anabwera nthawi ya alendo, mwana kumbuyo. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kumusendera lalanje. Iye anamufotokozera zonse, chopotokola, kajumbo, sikuluwu ya kunsi kwa khutu. Mkaziyo sanasiye kusenda. Khoko linatsika lalitali, losaduka. Anati katundu anasamutsa kale. Anati achimwene awapatsa chipinda, ndipo akazi awo amulandira bwino. Anati katani anaisiya, chifukwa zenera la kumeneko ndi laling'ono.

"Wamva zimene ndanena?" anafunsa.

"Ndamva, bambo a mwana. Musakazinene kumeneko. Tikudya zawo."

Anamuika chidutswa cha lalanje m'dzanja lamanja. Chinagwera pa bulangete.

Anabwerera ku famu ndi ndodo. Anadutsa pa nyumba ija. Katani ya maluwa inali pa zenera, nsapato za mwamuna wina pa khomo. Kwa Makaniko chipinda chinali chaching'ono, chokwana mayi ndi mwana. Iye anamuyalira m'kanyumba kosungira matayala. Pa chakudya Makaniko ankamukhazika pafupi ndi iye, n'kumauza alendo nkhani ya ku phiri, mmene ananyamulira Chule ndi manja ake awa kupulumutsa mlamu. Alendo ankamuuza Chiputu kuti ali ndi mwayi, alamu otere ndi osowa. Iye ankavomera ndi mutu, akutafuna.

Kale akanamanga chikwama tsiku lomwelo. Koma mwendo umene unkamuyendetsa tsopano ankachita kuukoka, ndipo geti linali kutali.

Chikhakha chitachoka, Makaniko anati pakhomo pake palibe amene amadya chabe. Anamutengera ku galaja. Kuseri kwake Chule anali pa jeke, nyali yatsopano, handulo yowongoka, matayala akumbuyo ali lende. Tcheni chinali chodzaza matope a ku dambo. Muphwa wa Kapitawo anali atakhala pa tayala lakale, akuseweretsa makiyi, akuti achite changu, dzuwa lakwera.

Chiputu anapempha burashi. Makaniko anati burashi inasowa. Analiza injini, analowetsa giya. Matayala anayamba kuzungulira. Anatola chisanza pansi, anachikutumula, anatambasula dzanja.

"Lamanzere lili ndi zala zonse, alamu. Muzisamala."

Tcheni chinkadutsa, chikulira. Chiputu anatsamiritsa ndodo pa khoma, anagwada ndi bondo limene linkapindika. Analandira chisanzacho.